Kumanga mudzi wa opuma pantchito woti udzakalambe pamodzi ndi eni ake

Anthu amene amalowa m'mudzi wa opuma pantchito ukangotsegulidwa amakhala a msinkhu umodzi. Ambiri ali ndi zaka zapakati pa 60 ndi 70, akuyenda okha, ena akuyendetsabe galimoto, ndipo akungofuna nyumba yaing'ono yosavuta kusamala komanso anzawo ocheza nawo. Pakapita zaka 15, anthu omwewo ali ndi zaka 75 mpaka 85, ndipo afika pamenepo onse nthawi imodzi. M'mudzi wamba mumabadwa ana, achinyamata nalowa m'malo mwa makolo awo. Muno mulibe zimenezo. Choncho kaya womanga ndi mpingo, bungwe la ogwira ntchito, kampani kapena gulu la anthu ogwirizana, asamangire anthu amene akuwaona lero. Amangire anthu omwewo mmene adzakhalire zaka 15 zikubwerazo, chifukwa malo, mapulani, ndalama ndi malamulo zonse zimatsatira pamenepa.

Zimene inaona midzi imene inatsogola

Ganizo losonkhanitsa okalamba ndi osowa pamalo amodzi ndi lakale. Ku Augsburg m'dziko la Germany kuli Fuggerei, mudzi wa mpanda umene Jakob Fugger anaukhazikitsira osauka a mumzindawo ndi chikalata cha m'chaka cha 1521. Lero uli ndi nyumba 67 momwe mukukhala anthu pafupifupi 150, ambiri achikulire, ndipo lendi ya chaka chonse ikadali ndalama imodzi ya nthawi imeneyo, yomwe pano ndi 0.88 euro. Lendi yotere singafolere ngakhale khonde. Mudziwo wakhala zaka 500 chifukwa uli ndi chuma chakechake, makamaka nkhalango, chimene chimabala ndalama zokonzetsera nyumba chaka ndi chaka. Ku England, William Whiteley, mwini sitolo yaikulu ya ku London, atamwalira mu 1907 anasiya mapaundi 1 miliyoni oti amangire okalamba osowa, ndipo anthu oyamba analowa ku Whiteley Village mu 1917. Midzi iwiriyi inadalira thumba limene oiyambitsa anasiya.

Mudzi wogulitsa nyumba kwa opuma pantchito amene akadali ndi mphamvu unayambira ku Arizona, m'dziko la America. Ben Schleifer anayambitsa Youngtown mu 1954. Pafupi pomwepo, pamalo amene panali minda ya thonje, kampani ya Del Webb inatsegula Sun City pa 1 Januwale 1960. Chimene anachita mosiyana ndi ena n'chakuti asanagulitse nyumba ngakhale imodzi anali atamanga kale bwalo la gofu, malo a zisangalalo ndi masitolo, kuphatikizapo nyumba 5 zachitsanzo. Masiku atatu oyambirira kunabwera anthu pafupifupi 100,000 kudzaona, ndipo nyumba 237 zinagulidwa. Koma taonani chimene panalibe: chipatala. Chipatala cha Boswell chinatsegulidwa mu 1970, patatha zaka 10, ogula oyamba aja atayamba kudwaladwala.

Ku Florida nako, The Villages inayamba m'zaka za m'ma 1970 ngati malo a nyumba zokoka otchedwa Orange Blossom Gardens, a Harold Schwartz. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anali atagulitsa nyumba 400 zokha. Mwana wake H. Gary Morse atalowa m'ntchitoyo mu 1983 anayamba ndi zochitira anthu pamodzi, osati nyumba zina, ndipo malonda anasintha. Dzina la The Villages linabwera mu 1992, ndipo kalembera wa 2020 anapeza anthu oposa 79,000 m'dera lodziwika ndi dzinali. Phunziro lili pawiri. Chimene chimakopa anthu kuti alowe ndi anzawo ndi zochita. Chimene chimawasunga kuti asatuluke akafooka ndi chisamaliro. Mapulani abwino amakhala ndi zonse ziwiri kuyambira tsiku loyamba, ngakhale chachiwiricho chidzamangidwe mochedwa.

Yambani ndi pangano, osati njerwa

Musanagule malo, lembani papepala limodzi zimene mukulonjeza munthu wolowa, ndipo muyankhe funso ili mosabisa: akadzalephera kudzisambitsa yekha, adzakhalabe kuno kapena adzachoka? Mayankho alipo atatu. Loyamba, mudzi ndi wa anthu odzidalira basi, ndipo wofooka amadzipezera womusamalira kapena amasamuka. Lachiwiri, mudzi uli ndi antchito othandiza m'nyumba, ndipo aliyense amalipira malinga ndi maola amene wathandizidwa. Lachitatu, mudzi umalonjeza kusamalira munthu mpaka imfa, kuyambira m'nyumba yake mpaka m'chipinda cha anamwino, pamtengo wogwirizana polowa. Umu ndi mmene ikuyendera midzi monga Foulkeways ku Pennsylvania, umene a mpingo wa Quaker anatsegula mu 1967, ndi Hartrigg Oaks ku York m'dziko la England, wa mu 1998.

Lachitatuli ndi lokoma m'khutu, koma ndi inshuwalansi yeniyeni, ndipo limafuna katswiri wowerengera zaka zimene anthu angakhale ndi moyo komanso mtengo wa chisamaliro chawo. Bungwe la Pacific Homes la ku California linalonjeza chisamaliro cha moyo wonse pamitengo imene sinkayenda ndi kukwera kwa zinthu. Anthu anakhala moyo nthawi yaitali, mitengo inakwera, ndalama za olowa atsopano n'kumapita kukasamalira olowa akale, mpaka bungwelo linagwa mu 1977. Gulu laling'ono limene likungoyamba lisankhe loyamba kapena lachiwiri. Lachitatu lidikire mpaka mudzi utakula ndi thumba litanenepa.

Mupanganomo mulembenso zinthu zimene anthu amachita nazo manyazi kufunsa. Ndalama yolowera idzabwezedwa yochuluka bwanji munthu akatuluka chaka choyamba, chachisanu kapena akamwalira, ndipo pakadutsa miyezi ingati? Mwamuna akamwalira, mkazi amene sanakwanitse zaka zolowera atsala m'nyumbamo? Ndalama ya pamwezi ingakwezedwe kangati pachaka, ndipo poyang'ana chiyani? Amene ndalama zamuthera adzatani? Ndani agamule kuti munthu sangathenso kukhala yekha, ndipo akakana apita kwa yani? Loya wa mudzi alembe, koma wolowa apatsidwe masiku okwanira kuti akaonetse loya wake ndi ana ake. Mikangano yambiri simabuka ndi mwini nyumba, imabuka ndi achibale pambuyo pa maliro.

Malo

Malo otchipa a kutali ndi tauni amanyenga. Mpweya wabwino ndi bata zimakoma pa zaka 65, koma pa zaka 82, maso atafooka ndi galimoto itagulitsidwa, malo omwewo amasanduka ndende. Yezani mtunda ndi wotchi osati ndi mapu: ambulansi itenga mphindi zingati kuchoka kuchipatala chokhala ndi madokotala usiku, nyengo itaipa? Antchito adzabwera bwanji m'mawa kwambiri ndi kubwerera usiku? Mudzi umene kulibe basi umasowa anamwino ndi ophika, ndipo amene wawapeza sakhalitsa.

Sankhani malo athyathyathya. Njira ya oyenda pansi isakwere kuposa mita 1 pa mamita 20 alionse, ndipo phiri lokongola lidzakudyerani ndalama pa makoma otchinga dothi ndi njira zokhotakhota. Funsani mbiri ya madzi osefukira kwa anthu okhala pafupi, osati kwa wogulitsa, chifukwa kusamutsa anthu 60 oyendera ndodo pakati pa usiku si ntchito ya anthu awiri. Gulani malo okulirapo kuposa gawo loyamba, kapena lemberanani ndi mwini malo oyandikana kuti akadzafuna kugulitsa ayambe wafunsa inu. Pamapulani, siyani malo opanda kanthu pakati penipeni pa mudzi, pafupi ndi holo ndi khitchini, ndipo mulembepo kuti ndi a nyumba ya chisamaliro. Padzabwera chiyeso chomangapo nyumba zogulitsa. Mukagonja, nyumba ya odwala idzapezeka kumapeto kwa mpanda, komwe mkazi wa zaka 84 sangathe kuyenda tsiku lililonse kukaona mwamuna wake.

Nyumba: masentimita amene amasunga munthu pakhomo pake

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa anthu 100 alionse a zaka 65 kupita m'tsogolo, 28 mpaka 35 amagwa chaka chilichonse, ndipo akapitirira zaka 70 chiwerengerocho chimafika pa 32 mpaka 42. Kuthyoka fupa la m'chiuno ndi kumene kumachotsa anthu ambiri m'nyumba zawo osabwereranso. Nyumba iliyonse, osati zochepa zapadera, imangidwe ngati kuti mwini wake adzayendera njinga ya olumala. Pomanga, kusiyana kwa mtengo n'kochepa. Kudzagumula khoma mwini ali pabedi n'kodula, ndipo nthawi zambiri kumachitika mochedwa.

Pakhomo pasakhale sitepe. Ngati pansi pa nyumba pakwera, ikani njira yotsetsereka yosaposa sentimita 1 pa masentimita 12 alionse, kutanthauza kuti kukwera kwa masentimita 30 kufuna njira yotalika mamita 3.6, yokhala ndi zogwirira mbali zonse ndi malo athyathyathya opumirapo kutsogolo kwa chitseko. Amisiri amakonda kuifupikitsa kuti isadye bwalo, ndiye njinga imabwerera chagada. Zitseko zonse zikhale za masentimita 90, chifukwa chitseko chikatsegulidwa, mpata weniweni umachepa ndi makulidwe ake ndi mahinjesi. Njira ya m'kati ikhale masentimita 120. Kuchipinda, kukhitchini ndi kubafa kusiyidwe bwalo la masentimita 150 lotembenukirapo njinga. Pali muyeso wina umene ambiri amaiwala: machira otalika pafupifupi mamita 2 ayenera kuchoka pambali pa bedi mpaka panja osaimikidwa. Yesani ndi thabwa pa nyumba yachitsanzo musanavomereze zotsalazo.

Bafa ndiye mtima wa nkhaniyi. Chitseko chake chizitsegukira kunja kapena chikhale chokankhira kumbali, ndipo loko wake azitheka kutsegulidwa ndi munthu wa panja. Munthu akagwera m'kati, thupi lake limatsekereza chitseko chotsegukira m'kati, ndipo opulumutsa amakakamizika kuchithyolera pa iye. Posambira pasakhale kakhoma kodumpha. Pansi patsetserekere kudzenje la madzi pang'ono chabe, sentimita 1 pa masentimita 50, ndi matailosi okhakhala. Mpando wa chimbudzi utalike masentimita 43 mpaka 48 kuchokera pansi, ndipo zitsulo zogwirira zikhale pa masentimita 84 mpaka 91, zomangidwa m'khoma lolimba loti lingapirire munthu wamkulu atadzikolekapo. Musaike chitsulo chopachikira thaulo pamalo amene dzanja lingafikire munthu akamaterereka, chifukwa adzachigwira ndithu, ndipo chidzazuka.

Madzi otentha ali ndi misampha iwiri yotsutsana. Akasungidwa ofunda chabe, mumaswana tizilombo ta Legionella timene timayambitsa chibayo choopsa kwa okalamba, choncho m'thanki azikhala pa madigiri 60. Koma madzi a madigiri 60 amawotcha khungu lopyapyala m'kamphindi, makamaka kwa wodwala shuga amene mapazi ake samva bwino. Yankho lake ndi valavu yosakaniza madzi pafupi ndi mpopi, yoti potuluka asapitirire madigiri 44. Nyumba imene yakhala yopanda munthu, mipopi yake izitsegulidwa mlungu uliwonse kuti madzi asagone m'mapaipi.

Zotsalazo n'zazing'ono koma zimaunjikana. Zogwirira zitseko ndi mipopi zikhale zotsitsa ndi chigongono, osati zopotokola, chifukwa cha nyamakazi. Masoketi akwezedwe kufika masentimita 45 mpaka 60, maswitchi atsitsidwe kufika pafupifupi mita 1. Diso la munthu wa zaka 60 limafuna kuwala pafupifupi katatu kuposa la mnyamata wa zaka 20, choncho musaumire mababu, ndipo muike kanyali ka usiku pakati pa bedi ndi chimbudzi, njira imene anthu amagwerapo kwambiri. Mtundu wa pansi usiyane ndi wa khoma, ndipo mpando wa chimbudzi usiyane ndi matailosi. Belu loitanira thandizo lizifikirika munthu atagona pansi, osati ataimirira. Chipinda chachiwiri, ngakhale chaching'ono, n'chimene chidzalole womusamalira kugona m'nyumbamo.

Kumanga m'zigawo

Musamange mudzi wonse kamodzi ngakhale ndalama zitalola. Chifukwa choyamba n'chodziwika, ngongole. Chachiwiri n'chimene tayamba nacho chija. Nyumba 120 zodzazidwa chaka chimodzi zimabala anthu 180 ofooka nthawi imodzi. Nyumba zomwezo zikalowedwa m'zigawo zitatu za nyumba 40, motalikirana zaka 4 kapena 5, mudzi umakhala ndi a zaka 66 ndi a zaka 78 pamodzi, ndipo aang'onowo ndi amene amayendetsa makomiti, kuperekeza anzawo kuchipatala ndi kudzaza holo.

Gawo loyamba likhale ndi nyumba zokwanira kulipira woyang'anira, alonda ndi wosamalira pabwalo popanda kupsinja aliyense. Werengerani motere: phatikizani malipiro ndi zolipira zonse za pamwezi, mugawe ndi chiwerengero cha nyumba 9 pa 10 zilizonse, osati zonse, chifukwa nthawi iliyonse pamakhala ina yopanda munthu, ikudikira kupentedwa kapena kuti nkhani ya chuma cha masiye ithe. Ndalama yotulukayo ikaposa imene penshoni ya anthu amene mukuwafuna ingakwanitse, onjezani nyumba kapena chepetsani malonjezo. Musabise kusiyanako ndi ndalama zogulitsira nyumba, chifukwa tsiku limene nyumba yomaliza idzagulidwe, ndalama ya pamwezi idzalumpha ndipo anthu adzati munawanamiza, ndipo adzakhala akunena zoona.

Holo, khitchini yake ndi njira zoyendamo zimangidwe m'gawo loyamba, monga anachitira a Sun City. Holo isakhale yaikulu mochititsa mantha. Chipinda chimene anthu 15 akhalamo n'kuoneka chodzaza chimagwiritsidwa ntchito kuposa chachikulu chozizira. Pamapulani pakhale khoma limodzi loti lidzagumulidwe pokulitsa. Mabokosi a makalata, ofesi ndi malo omwera tiyi zikhale pamodzi kuti anthu azikumana osapangana. Panjira ikani benchi yokhala ndi poyedzamira ndi potsamira manja pa mamita 50 mpaka 100 alionse, chifukwa wokalamba amayenda mtunda umene akuona pokhalira patsogolo pake.

Za pansi pa nthaka zokha ndi zimene muyenera kumangira mudzi wonse kuyambira pachiyambi: paipi yaikulu ya madzi, ya zonyansa, ngalande ndi njira ya mawaya a magetsi. Kukumbanso msewu pakati pa anthu oyendera ndodo n'kuitana ngozi. Konzaninso chipata chapadera cha malole a zomangira, kuti gawo lachiwiri lisamadutse pakhomo pa anthu a gawo loyamba. Ndipo musakumbe maziko a gawo latsopano nyumba zake pafupifupi 7 pa 10 zilizonse zisanalipiridwe chikole, muyeso umene obwereketsa ndalama ku America amakonda kugwiritsa ntchito pa midzi ya chisamaliro. Chikolecho chisungidwe ku akaunti yapadera imene womanga sangaikhudze.

Kumbukirani kuti wogula wanu amalipira ndi ndalama za nyumba yake yakale. Msika wa nyumba ukagwa, naye amaima. Kampani ya Erickson Retirement Communities, imene inali m'gulu la zazikulu ku America, inkamanga midzi ingapo nthawi imodzi ndi ngongole. Msika utagwa mu 2008, okalamba analephera kugulitsa nyumba zawo, olowa anachepa, ndipo mu 2009 kampaniyo inakapempha chitetezo kukhoti chifukwa cha ngongole. Gawo lililonse lizitha kudziimira palokha ngakhale lotsatira litachedwa zaka 5.

Thumba la zokonzetsera

Nyumba zomangidwa chaka chimodzi zimakalambanso chaka chimodzi, ngati eni ake. Madenga onse amayamba kudontha nyengo imodzi, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe eni ake ali ndi zaka za m'ma 80, penshoni itadyedwa ndi kukwera kwa mitengo, moti sangathe kusonkha ndalama yadzidzidzi. Mudzi wa maluwa okongola wopanda thumba ili ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Lembani chinthu chilichonse chachikulu, mtengo wochisinthira lero, ndi zaka zimene wopanga kapena injiniya akuti chikhala. Denga loti likhala zaka 25 lifuna kuti musunge 4 pa 100 alionse a mtengo wake chaka chilichonse. Msewu wa zaka 20 ufuna 5, pampu ya zaka 10 ifuna 10, penti ya zaka 5 ifuna 20. Phatikizani zonsezo, mugawe pa nyumba ndi pa miyezi 12, ndipo muyambe kutolera mwezi woyamba, zonse zikadali zatsopano. Mitengo iunikidwenso chaka ndi chaka, ndipo injiniya ayendere mudzi wonse pa zaka 3 mpaka 5 zilizonse. Thumbali likhale ndi akaunti yakeyake yosainira anthu awiri, mmodzi wosankhidwa ndi okhalamo, ndipo lisabwerekedwe kulipirira malipiro ngakhale mwezi umodzi. Komiti iliyonse imafuna kutchuka posakweza ndalama ya pamwezi. N'chifukwa chake muyeso wa thumbali uyenera kulembedwa m'malamulo oyambitsira mudzi, pomwe voti wamba singausinthe.

Malire a zaka ndi nkhani ya adzukulu

Lamulo la zaka ndi limene limasiyanitsa mudziwu ndi ina yonse, koma silidziteteza lokha. M'maiko ena kukana munthu nyumba chifukwa ali ndi ana ndi tsankho, pokhapokha malamulo a dziko atapereka mpata. Ku America mpatawo uli m'lamulo la 1995 lokhudza nyumba za achikulire: nyumba 80 pa 100 zilizonse zokhalamo anthu zikhale ndi munthu mmodzi wa zaka 55 kapena kuposa, mudzi ulengeze poyera cholinga chake, ndipo uzitsimikizira zaka za anthu ake pa zaka ziwiri zilizonse. Youngtown, mudzi woyamba uja, unataya malire ake a zaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani inayamba ndi mnyamata wa zaka 16 amene ankakhala ndi agogo ake. Akuluakulu a tauniyo atafuna kuti achoke, boma la Arizona linafufuza n'kupeza kuti lamulo lawolo linalibe maziko okwanira. Choncho fufuzani malamulo a dziko limene mukumangalo, ndipo musunge kaundula wa zaka wokhala ndi umboni.

Lembani masiku amene mlendo wamng'ono angagone pachaka, koma musiye khomo la chifundo. Zimachitika kuti mwana wamwalira, agogo n'kutsala ndi mdzukulu. Malamulo anene kuti komiti ingapereke miyezi ingati, ndipo banjalo lithandizidwa bwanji kupeza kwina. Womusamalira wogonera pompo asawerengedwe ngati wophwanya lamulo la zaka.

Chaka cha 10 chikamayandikira

Kaundula uja asangokhala wa boma. Chaka chilichonse werengani zaka zapakati za anthu onse, chiwerengero cha okhala okha, cha amene asiya kuyendetsa galimoto, cha amene agwa, ndi cha amene akuthandizidwa kusamba kapena kumwa mankhwala. Manambala amenewa ndi amene amakuuzani nthawi yoyambira kumanga pamalo munasunga paja, ndipo popeza mapulani, chilolezo ndi kumanga zimatenga zaka 2 kapena 3, muyambe anthu asanayambe kusamukira kwina.

Chisamaliro chimakula pang'onopang'ono. Choyamba ndi kabasi kopita kumsika ndi kuchipatala masiku oikika. Kenako chakudya chotentha kamodzi patsiku m'holo, chimene ubwino wake wina ndi wakuti mpando ukakhala wopanda munthu, wina amapita kukagogoda. Kenako namwino wobwera masiku angapo pamlungu, kenako othandiza m'nyumba, ndipo pomaliza nyumba ya chisamaliro cha usana ndi usiku. Pa sitepe yomalizayi ndi pamene ambiri amalakwitsa masamu. Mlungu uli ndi maola 168. Wantchito mmodzi akamagwira maola 40, malo amodzi oti pazikhala munthu nthawi zonse afuna anthu 4.2, ndipo mukaonjeza tchuthi ndi matenda amafika 5. Ngakhale usiku pamafunika awiri, chifukwa mmodzi sangadzutse munthu wogwa n'kumayang'aniranso ena. Amenewo ndi antchito 10 musanalembe wophika kapena wochapa, ndipo n'chifukwa chake nyumba ya mabedi 6 kawirikawiri sidzilipirira. Mudzi waung'ono ungachite bwino kupangana ndi nyumba ya chisamaliro yapafupi kuti anthu ake azilandiridwa msanga, m'malo momanga yake.

Matenda oiwalaiwala amafuna kuganiziridwa paokha, chifukwa munthu akapitirira zaka 65 mpata wowadwala umawirikiza pafupifupi pa zaka 5 zilizonse. Wodwala amayiwala mphika pamoto, amasochera panjira, amagogoda kwa anzake usiku, ndipo anansi amene anali abwenzi amayamba kupempha kuti achotsedwe. Kutsekera munthu m'chipinda kumangoonjezera ukali wake. Ku Weesp m'dziko la Netherlands, De Hogeweyk inatsegulidwa mu 2009 ndi nyumba 23, iliyonse ya anthu 6 kapena 7 okhala ngati banja, pamodzi ndi sitolo, malo odyera ndi misewu yoti munthu aziyenda momasuka m'kati mwa malo otetezedwa a khomo limodzi. Simungakopere zonse, koma zina n'zotheka paliponse: kagulu kochepa, khitchini yooneka ndi yonunkhira chakudya, antchito osasinthasintha, ndi njira ya m'munda yozungulira n'kubwerera pomwe yayambira, yopanda pothera pamene munthu angaime n'kusokonezeka. Magetsi akathima, nyumba imeneyi, mabelu oitanira thandizo, firiji ya mankhwala ndi makina a mpweya zizilandira mphamvu kuchokera ku jenereta kapena mabatire, ndipo ziyesedwe mwezi uliwonse.

Womanga akachoka

Tsiku lina nyumba yomaliza imagulidwa ndipo womanga amanyamuka. Ku Sun City ntchito yomanga inasamukira ku Sun City West mu 1978, ndipo malo a zisangalalo amayendetsedwa ndi bungwe la okhalamo eni ake. Kupatsirana kumeneku kukonzedwe zaka zingapo kusanachitike. Okhalamo ayambe kukhala m'komiti gawo loyamba likangodzaza, mipando yawo izichuluka ndi gawo lililonse. Asanasaine kulandira misewu, holo ndi mapaipi, alembe injiniya wawo ndi wowerengera ndalama wawo, osati a womanga. Alandire mapu oonetsa pomwe mapaipi ndi mawaya anadutsadi, osati pomwe anajambulidwa, zikalata za malo, mapangano a antchito, zitsimikizo za katundu ndi thumba la zokonzetsera lodzaza malinga ndi zaka zimene zapita.

Ogula a m'badwo wachiwiri safuna zimene ankafuna oyamba. Amafunsa za intaneti, khitchini yamakono ndi malo ochitira masewera olimbitsa thupi, pomwe akale akuti zonsezo n'kuwononga ndalama. Mudzi ukalephera kukopa a zaka za m'ma 60, nyumba zimatsika mtengo, zaka zapakati zimakwera, ndipo olowa amakhala ofooka kale. Njira yotchipa ndi kukonza nyumba iliyonse pamene yatsala yopanda munthu: mawaya, bafa, khitchini ndi mazenera, ndalama zake zochokera pa gawo loikika la mtengo wogulitsira, lolembedwa m'pangano loyamba lija. Mipando ya m'komiti ikhale ya zaka 2 kapena 3, munthu asapitirire maulendo awiri, ndipo mpando umodzi usungidwire munthu amene walowa m'zaka 3 zapitazi.